Telesikopu yoyambira: mwezi ukuyera mbee, nyenyezi zikutuluka mizeremizere

Wongoyamba: Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru. Telesikopu ndi Newtonian (yosonkhanitsa kuwala ndi kalilole) ya 130 mm, focal length (mtunda wochokera pa galasi kufika pamene kuwala kumakumana) 650 mm, ili pa mount (choimikira) ya EQ2 yopanda mota. Ma eyepiece (timagalasi toyang'anira) ndi awiri, wa 25 mm ndi wa 10 mm, kuphatikizapo Barlow ya 2x (kagalasi kowonjezera kukuza kawiri). Zojambulira ndili ndi foni komanso kamera ya DSLR yakale ya Canon yokhala ndi lenzi ya 18-55 mm. Ndi maso mwezi ukuoneka bwino zedi, koma pa foni ukungoyera mbee, ndipo nyenyezi zikutuluka mizeremizere. Chimene ndikuchilakalaka kwenikweni ndi Orion Nebula (M42), mtambo wa mpweya wowala wa m'gulu la nyenyezi la Orion. Ndiyambire pati, nanga ndigule chiyani?

aMbewe: Takulandirani achimwene. Musagule kanthu kaye, tiyambe tawerengetsera. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, ndiye kwa ife thambo limayenda madigiri 15 pa ola, kapena kuti ma arcsecond 15 pa sekondi iliyonse (arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri). Ma Canon ambiri akale a mamegapikiselo 18 ali ndi mapikiselo a 4.3 micron. Chulukitsani 4.3 ndi 206, mugawe ndi 650, mupeza kuti pikiselo imodzi ikuona ma arcsecond pafupifupi 1.4. Ndiye kuti nyenyezi ya mu Orion imadutsa mapikiselo 11 pa sekondi imodzi yokha. Mzere mukuuonawo ndi umenewu. Kuti ikhale kadontho, shutter isapitirire 1/5 ya sekondi, koma nebula imafuna kuwala kosonkhanitsidwa kwa mphindi zambirimbiri.

Choncho zida zanuzo zigwire ntchito ziwiri zosiyana. Telesikopu ijambule zowala kwambiri, mwezi, Jupiter ndi Saturn. DSLR ndi lenzi yake, popanda telesikopu, ijambule zozimiririka monga Orion ndi Mlalang'amba. Anthu ambiri amagwa ulesi chifukwa choyamba ndi chovuta kuposa zonse, nebula kudzera mu telesikopu yopanda mota.

NaPhiri: Za mwezi pa foni ndiyankhe ine. Foni ikaona mdima wambiri pozungulira imaganiza kuti chithunzi chada, ndiye imawonjezera kuwala mpaka mwezi kupserera. Pitani ku Pro kapena Manual, ISO muyike yotsikitsitsa, 50 kapena 100, shutter muyambire pa 1/250 n'kumasintha mpaka mabala akuda a pamwezi aoneke. Ngati foni yanu ilibe Pro, dinikizani chala pa mweziwo mpaka fokasi ndi kuwala zitsekeke, kenako mukokere kachizindikiro ka dzuwa pansi.

Kugwira foni pamanja n'kudzivutitsa. Chinthu chimodzi choyenera kugula panopa ndi chopanira foni pa eyepiece. Chimangeni masana, mutalozetsa telesikopu pa mtengo kapena mlongoti wakutali, chifukwa kulunjikitsa kabowo ka kamera pakati pa eyepiece mumdima kumatha nthawi. Yambani ndi eyepiece ya 25 mm. Imakuza ka 26, mwezi wonse umakwana ndipo malo amatsala. Ya 10 mm imakuza ka 65, ndipo poti mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zokha, muzingouthamangitsa. Musadine batani ndi chala, ikani timer ya masekondi atatu kuti kugwedera kuthe.

Komanso musamadikire mwezi wathunthu. Ukakhala wathunthu dzuwa limauwomba chamaso, mithunzi palibe, zonse zimaoneka zasee. Zokongola zili pamzere wolekanitsa kuwala ndi mdima pamene mwezi uli theka. Patatha masiku 8 kuchokera pa mwezi watsopano, phompho la Rupes Recta limaoneka ngati kamzere kakuda kowongoka, kotalika makilomita oposa 100. Tsiku la 9 ndi la 10 mumapeza Clavius ndi Copernicus, chigwa cha makilomita 93 chokhala ndi timapiri pakati pake.

Wongoyamba: Zikomo mayi. Nanga chimthunzi chakuda chimene chimabwera chammbali n'kumayendayenda chimachokera kuti? Komanso ndikachita zoom chithunzi chonse chimathima bii.

NaPhiri: Mthunziwo ukutanthauza kuti kamera yayandikira kapena yatalikira kwambiri ku galasi la eyepiece. Eyepiece iliyonse ili ndi mtunda wake pamene kuwala konse kumakumana. Pindani kalabala ka pamwamba pa eyepiece, chotsani chikwama cha foni, kenako sendezani foniyo pang'onopang'ono, milimita imodzi kapena awiri, mpaka m'mphepete mwa bwalo lowalalo muoneke mwakuthwa mbali zonse. Kuthimako n'chifukwa choti foni ili ndi makamera angapo kumbuyo, ndipo mukachita zoom imadumphira yokha pa kamera ina imene sinayang'ane mu eyepiece. Khalani pa 1x. Kukuza kuchokere ku eyepiece, zoom ya foni siwonjezera chilichonse.

Kalilole130: Ndiwonjezere za DSLR pa Newtonian ya 130/650, pakuti pali msampha. Kuti muilumikize pamafunika T-ring ya Canon ndi T-adapter ya mainchesi 1.25. Mumachotsa lenzi ya kamera ndi eyepiece, telesikopuyo n'kukhala lenzi. Vuto n'lakuti sensa ya Canon ili mamilimita 44 mkati mwa kamera, T-ring n'kuwonjezera 11, zonse 55. Ma Newtonian ambiri oyambira anawapangira maso, ndiye focuser (kachubu kopezera fokasi) imafika pothera kulowa mkati fokasi isanapezeke. Mwezi umangokhala chibuluma chowala, nyenyezi n'kukhala mabwalo okhala ndi dontho lakuda pakati. Telesikopu sinawonongeke ayi. Barlow yanuyo ndi imene ingakupulumutseni, imakankhira fokasi kunja.

Koma dziwani zimene Barlow imabweretsa. Focal length imafika 1300 mm, f/5 (650 kugawa ndi 130) imasanduka f/10, kuwala kofika pa pikiselo iliyonse kumachepa kanayi. Pa 1300 mm mwezi umatenga mamilimita pafupifupi 12 pa sensa imene mbali yake yaifupi ndi 14.9, ndiye umakwana mothinana. Ndipo sensa ikatalikirana ndi Barlow kuposa mmene eyepiece ikanakhalira, kukuzako kumapitirira 2x, mwezi wathunthu n'kutsala pang'ono kudulidwa. Ma Barlow ena ali ndi mazinga a T-ring pamwamba pake, amenewo amafupikitsa mtundawu.

Poyambira pa mwezi wathunthu ndi ISO 100 ndi 1/125. Ukakhala theka, ISO 400 ndi 1/125, kenako yang'anani histogram (girafu yoonetsa kuchuluka kwa kuwala) kuti isagunde khoma lakumanja. Jambulani muli mu Live View kuti kagalasi ka mkati mwa kamera kasamenye ndi kugwedeza chubu chonse. Kamera ndi yolemera pa focuser ya pulasitiki, choncho mangitsani tizomangira tonse, kolekani lamba wa kamera pa finder (katelesikopu kakang'ono kolozera) kuopa ngozi, ndipo sendezani chubu m'mphete zake komanso chitsulo cholemetsa mpaka telesikopu iziima phee paliponse mwaisiya.

aJere: Zonsezi n'zoona, koma pa mwezi ndi mapulaneti chithunzi chimodzichimodzi sichipambana vidiyo. Mpweya wa mumlengalenga umatakasika nthawi zonse, n'chifukwa chake Jupiter amaoneka ngati mwala uli pansi pa madzi oyenda. Mwa mafelemu 3,000 pamakhala mazana angapo amene anajambulika mpweya utadekha kwa kamphindi. Ntchito ndi kusankha amenewo n'kuwaunjika pamodzi, ndipo mapulogalamu ake ndi aulere.

PIPP imatenga vidiyo yanu, kuika pulaneti pakati pa felemu iliyonse, kutaya mafelemu opanda kanthu, n'kusunga monga AVI kapena SER. AutoStakkert imasanja mafelemuwo kuyambira labwino kwambiri. Yambani ndi kuunjika 20 peresenti yabwino, usiku woipa tsitsani mpaka 10. Chimene chimatuluka chimaoneka chachimbuuzi, musataye mtima. Chitsegulireni mu RegiStax n'kukweza ma wavelet (zonolera chithunzi) pang'onopang'ono, woyamba ndi wachiwiri basi. Mukaona m'mphepete mwa pulaneti mwabwera mkombero wowala kapena nkhope yake yayamba timadontho, mwapyola, bwererani.

Mota mulibe, ndiye chitani chonchi: ikani Jupiter m'mphepete mwa chithunzi kumbali imene akulowera, siyani telesikopu osaikhudza, adutse yekha mpaka mbali inayo. Imitsani vidiyo, mubwezereni ndi kachingwe ka RA (kotembenuza telesikopu motsatira kuyenda kwa thambo), yambaninso. Mavidiyo angapo otere PIPP imawalumikiza. Onse pamodzi asapitirire mphindi zitatu, chifukwa Jupiter amazungulira kamodzi m'maola osakwana 10, ndipo mukachedwa malamba ake ndi Great Red Spot (dontho lake lalikulu lofiira) zimafufutika.

Wongoyamba: Bambo Jere, ndiye Jupiter atuluka wamkulu bwanji? Ndimaona zithunzi zina atadzaza sikirini yonse.

aJere: Wamng'ono, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Akayandikira dziko amakula pakati pa ma arcsecond 45 ndi 50. Pa 1300 mm ndi mapikiselo anu aja, m'mimba mwake ndi mapikiselo 65 kapena 70. Zimenezo n'zokwanira kuonetsa malamba awiri akuda, dontho lofiira lija likakhala mbali yathu, ngakhalenso mthunzi wa mwezi wake, Io kapena Ganymede, ukamadutsa. Galasi la 130 mm limalekanitsa zinthu zotalikirana 0.9 arcsecond, kupyola apo mukungokuza chimbuuzi.

Chenjerani ndi vidiyo ya 1080p ya DSLR. Kamera imadumpha mizere ya mapikiselo kuti sensa yonse ikwane, ndiye pulaneti imachepa pafupifupi katatu. Canon 550D ndi 60D ali ndi Movie Crop ya 640x480 imene imatenga mapikiselo apakati mmodzimmodzi, ndipo 600D ili ndi zoom ya 3x pa vidiyo. Ngati yanu ilibe zimenezi, pulogalamu ya BackyardEOS imajambula Live View ya 5x kudzera pa waya wa USB. Pa 640x480 Jupiter amadutsa m'masekondi osakwana 30, ndiye finder yanu ikhale yolunjika ndendende.

Miyezi yake inayi imafuna kuwala kochuluka kuposa iye mwini. Jambulani vidiyo ina yowala kwambiri ya miyeziyo, mudzaphatikize pambuyo.

Kalilole130: Ndipo vidiyo singakonze magalasi opotoka. Pa f/5 collimation (kulunjika kwa magalasi a telesikopu) ikaphonyeka pang'ono, Jupiter sakuthwanso. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani nyenyezi yowala pakatikati pa eyepiece ya 10 mm, chotsani fokasi pang'ono mpaka ikhale bwalo. Dontho lakuda likhale pakati penipeni. Likapendekera mbali imodzi, tembenuzani chimodzi mwa zomangira zitatu za kuseri kwa galasi lalikulu, pang'ono zedi, bwezerani nyenyezi pakati, yang'ananinso. Kuyesa nyenyezi ili m'mphepete kumanamiza, chifukwa kumeneko f/5 imapotoza nyenyezi mwachibadwa.

Tulutsaninso telesikopu panja mphindi 30 mpaka 45 musanayambe. Galasi lofunda limatulutsa mpweya wotentha mkati mwa chubu, chithunzi n'kumawira. Pa chifukwa chomwecho musajambule kudzera pawindo kapena modutsa pamwamba pa denga lomwe latentha tsiku lonse.

Mlalang'amba: Tsopano tibwere ku Orion amene mwamutchula uja, popeza n'zotheka ndithu kumujambula ndi zimene muli nazo. Kamera ikhale pa tripod, kapena pa mount yomweyo mutachotsa chubu ngati muli ndi chomangira. Pali lamulo lakale loti gawani 500 ndi focal length, koma linapangidwa nthawi ya filimu. Pa masensa a lero gwiritsani ntchito 300, ndipo pa Canon yanu muyambe mwachulukitsa focal length ndi 1.6. Pa 18 mm ndi masekondi 10, pa 55 mm ndi masekondi atatu.

Sungani RAW. Zimitsani autofocus, stabilizer, ndi Long Exposure Noise Reduction imene imadya theka la nthawi yanu. ISO 1600, kabowo ka lenzi kotsegula konse. Fokasi ndiyo imagwetsa ambiri: chizindikiro cha infinity musachikhulupirire. Lozani nyenyezi yowala, Sirius kapena Rigel, kuzani Live View ka 10, tembenuzani mphete mpaka nyenyezi ichepetsetse ndipo tinyenyezi tina tozimiririka titulukire pafupi. Matani mpheteyo ndi tepi, ya zoom yomwe. Pa telesikopu Bahtinov mask (chivindikiro cha timipata choika kutsogolo kwa chubu) imathandiza, imapanga mizere itatu ndipo wapakati ukakhala pakatikati fokasi yakwana, koma pa 18 mm mizereyo imachepa kwambiri.

Jambulani zithunzi 200 kapena 300 motsatizana ndi intervalometer (kachipangizo kodina shutter kokha mobwerezabwereza). Pa 55 mm bwezerani Orion pakati pakatha mphindi zisanu zilizonse. Chithunzi chimodzi chimaoneka chakuda ndi chamchengamchenga, koma mukaunjika mu pulogalamu ya DeepSkyStacker kapena Siril mchengawo umachepa motsatira square root ya chiwerengero: zithunzi 100 zimauchepetsa ka 10, koma kuti uchepe ka 20 pamafunika 400. Lenzi ya 50 mm f/1.8, mutaitsekako kufika f/2.8 kuti nyenyezi za m'makona zisatambasuke, imalowetsa kuwala kanayi kuposa lenzi yanu pa f/5.6. Orion yense kuchokera ku Betelgeuse kukafika ku Rigel amakwana, ndipo M42 imatenga mapikiselo pafupifupi 200, yofiirira, mapiko ake akuoneka. Kwa ine, mukagula chopanira foni, chachiwiri chikhale lenzi imeneyi.

Orion amaoneka madzulo kuyambira Disembala mpaka Malichi. Nthawi yomweyo pali Nsangwe, M45. Amene ali kummwera kwa equator ali ndi mwayi wa Carina Nebula, Omega Centauri ndi Large Magellanic Cloud, zonse zazikulu ndi zowala moti 50 mm imazigwira. Pulogalamu ya Stellarium ikuuzani nthawi imene chilichonse chakwera pamwamba. Sankhani usiku wopanda mwezi.

aJere: Ena adzakuuzani kuti mujambulenso ma dark, zithunzi zojambula lenzi itavindikiridwa zochotsera zilema za sensa, koma pa masekondi atatu ine sindiona phindu lake. Sensa sinatenthe n'komwe, ndipo poti nyenyezi zikusuntha pa felemu iliyonse, mapikiselo oipa amachotsedwa ndi sigma clipping (njira ya pulogalamu yotaya mapikiselo osiyana kwambiri ndi anzawo poziunjika). Wongoyamba asalemedwe ndi zambiri.

NaPhiri: Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono bambo. Nyenyezi zimasunthadi, koma zimasunthira mbali imodzi yokha. Pulogalamu ikalunjikitsa nyenyezi, zilema zokhazikika za sensa zimakokedwa n'kukhala timizere topendekera pachithunzi chonse, ngati mvula yowomba chammbali, ndipo timaonekera kwambiri mukayamba kukweza kuwala. Makamera akale a Canon alinso ndi mizere yopingasa m'malo amdima. Ma dark 30 a masekondi atatu ndi ntchito ya mphindi ziwiri: vindikirani lenzi, ISO ndi nthawi zomwezo, pompo mukangomaliza kamera isanazizire kapena kufunda. Komanso pobwezera Orion pakati, muzimusendeza pang'ono m'mwamba kapena m'munsi, asabwerere malo amodzimodzi.

aJere: Za timizereto mwanena zoona mayi, makamaka pa sensa yakale. Kusendeza kumene mwatchulako n'kumene kumathandiza kwambiri kuposa ma dark enieniwo, koma pa mphindi ziwiri palibe chokanganirana.

Mlalang'amba: Amene simungawasiye ndi ma flat, zithunzi za kuwala koyera kosalala. Lenzi iliyonse imadetsa m'makona, ndipo fumbi la pa sensa limasiya timabwalo totuwa. Musanasunthe fokasi, zoom kapena kabowo, kungani nsalu yoyera yosalala kutsogolo kwa lenzi, ikani sikirini yoyera ya tabuleti pamwamba pake, kamera pa Av, ISO yomweyo, jambulani 20 mpaka 30 histogram ili chapakati. Mukachotsa lenzi kapena kutembenuza zoom musanawajambule, fumbi ndi mdima wa m'makona sizigwirizananso. Ma bias ndi 30 ena, lenzi yovindikira, shutter yothamangitsitsa monga 1/4000.

Chotuluka mukaunjika chimakhala chakuda bii ndi tinyenyezi towerengeka. Zonse zilimo, zangobisala kumanzere kwa histogram. Mu Siril dulani kaye m'mphepete mosalingana, chitani Background Extraction kuti chikasu cha magetsi a mumsewu chichoke, linganizani mitundu, kenako mukweze kuwala pang'onopang'ono kangapo. Thambo musalidetse mpaka kuda kotheratu, mumaphera limodzi mbali zozimiririka za nebula.

Wongoyamba: Ndamva. Nanga kamota ka EQ2 kogulitsidwa padera kangasinthe zinthu?

aMbewe: Kangasinthe, bola mudziwe malire ake. Pa mapulaneti n'kothandiza kwambiri, Jupiter amakhala pachithunzi mphindi zitatu zonse. Pa nebula kudzera mu telesikopu n'kochepa mphamvu. Magiya a EQ2 ali ndi zilema zimene zimabwerezabwereza, nyenyezi imatsogola n'kutsalira, ndiye pa 650 mm mukapeza masekondi 10 kapena 15 abwino mwachita mwayi, ndipo mafelemu ambiri mutaya. Ndi Barlow ndiye zimaipiratu, mungangogwira pakati pa M42 pamene pali nyenyezi zinayi za Trapezium. Ena amasendeza galasi lalikulu m'mwamba masentimita awiri kapena atatu ndi mabawuti ataliatali kuti DSLR ifike fokasi popanda Barlow, koma imeneyo ndi ntchito ya mtsogolo.

Pamene kamotako kamapindulitsa ndi apa: mphete zambiri zogwira chubu zili ndi bawuti ya 1/4 inchi pamwamba. Mangani kamera ndi lenzi yake pamenepo, ibelekedwe ndi telesikopu. Pa 50 mm zilema za magiya sizionekanso, ndipo masekondi atatu aja amasanduka 30 kapena 60.

Koma mkono wa RA uyenera kuloza pamene thambo limazungulira. Kupendekeka kwake kufanane ndi latitude ya kumene muli. Kumpoto kwa equator lozani nyenyezi ya Polaris, imene ili pasanathe digiri imodzi kuchokera pa malo enieniwo. Kummwera kuli Sigma Octantis, yozimiririka moti m'tauni simungaione ndi maso. Talikitsani mkono wautali wa Southern Cross kanayi ndi theka, mufika pafupi. Kampasi ya foni imasokonezeka ndi chitsulo cha mount, pimani mutaima patali, ndipo sankhani true north osati ya maginito. Pa 50 mm kulondola kwa digiri imodzi kumakwanira masekondi 30. Kamotako kali ndi switch ya N ndi S. Ikakhala mbali yolakwika mota imayenda chobwerera, mizere n'kutalika kawiri kuposa popanda mota. Malo amene miyendo yaima lembanipo ndi choko kapena penti kuti mawa musayambirenso.

Kalilole130: Mame nawonso. Nyenyezi zikayamba kuzimiririka ndi kuvala nkhungu thambo lili loyera, walitsani tochi yofiira pa lenzi, mupeza yachita thukuta. Musapukute, mungakande galasi ndi kusuntha fokasi. Hood imachedwetsa mame, kalamba kotenthetsa ka USB kozengereza pa lenzi kamawathetsa. Mukalowetsa zida m'nyumba musavindikire mpaka ziume.

Ndinene ichi mwamphamvu popeza mwayamba kukonda kujambula: dzuwa musaliloze popanda sefa yake yeniyeni yomangidwa kutsogolo kwa chubu, ndipo finder muivindikire kapena kuichotsa. Tisefa takuda tomanga pa eyepiece timasweka ndi kutentha. Filimu ya Baader AstroSolar ya 5.0 ndi imene amayang'anira ndi maso, ya 3.8 ndi ya kamera yokha. Galasi la 130 mm limawononga diso pa kanthawi kosakwana kuphethira.

Wongoyamba: Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa vidiyo ya Jupiter ndi foni pa eyepiece ya 10 mm, malamba awiri aoneka! Koma mbali imodzi ili ndi mkombero wabuluu, inayo wofiira. Kodi ndi Barlow kapena collimation?

aJere: Mwayamba bwino. Ngati buluu ali mbali imodzi ndipo kufiira kuli mbali yoyang'anana nayo, si Barlow kapena collimation. Munamujambula ali m'munsi. Mpweya umapinda kuwala kwabuluu kuposa kofiira, ndipo pulaneti ikakhala pansi pa madigiri 30 kusiyanako kumaposa arcsecond imodzi. Mu RegiStax dinani RGB Align, kokani kabokosi kazungulire Jupiter yense, dinani Estimate, mitundu itatuyo ibwerera pamodzi. Ulendo wina onani mu Stellarium nthawi imene akudutsa meridian (pamene wakwera pamwamba kwambiri), muyambe kujambula ola limodzi isanakwane. Mkombero ukakhala wofiirira mozungulira mbali zonse mofanana, pamenepo ndiye muyese kuchotsa Barlow kapena kusintha eyepiece, n'kuyerekeza mavidiyo awiriwo.